Zimene Asisi Anamva Kuseri kwa Khoma

Asisi anga akuyandikira zaka makumi asanu. Ali ndi imvi kuno kumakutu zimene ine ndimazibisa ndi utoto mwezi ndi mwezi, koma mutati mutseke maso iwo n'kuyankhula, mukhoza kulumbira kuti m'chipindamo mwalowa kamtsikana ka sekondale. Kwa zaka khumi ndi chimodzi, imeneyo ndiyo inali ntchito yawo. Ngati munaonerapo katuni ija ya Loweruka masana, Atatu a Pawindo, ya ana atatu okhala benchi imodzi m'kalasi, ndiye kuti asisi mumawadziwa ngakhale nkhope yawo simunaione. Muli Chigubu, mnyamata wosakhuta. Muli Magalasi, wanzeru m'mabuku koma chitsiru pa china chilichonse. Ndiye muli Phwiti, kamtsikana kowonda, kolongolola, ka mtima wapachala. Ojambula ankajambula Phwiti, koma akatsegula kakamwa kake, otuluka anali mawu a asisi.

Ine ndine mng'ono wawo. Ndimaluka tsitsi mu saluni yanga ya mipando itatu, ndipo ndineneretu kuti nkhaniyi ndikuifotokoza mtima usanaphwe. Ndinawakwiyira asisi, ndinamukwiyira bwana wawo, ndinakukwiyiraninso inu nonse amene munaseka. Inenso ndinaseka nawo, ndipo n'zimene zimandinyansa koposa.

Khutu asisi anabadwa nalo. Tili ana ankatha kutsokomola ngati bambo athu, ife n'kubalalika kubisa zimene timaba m'kabati, iwo n'kutulukira pakhomo akugubuduka ndi phwete. Tsiku lina anaitana galu ndi mawu a bambo, galuyo n'kubwera akugwedeza mchira, kenako n'kuima pakati pa bwalo osamvetsa chachitika. Atakula anayamba ntchito yoyankha foni pa shopu ya zitsulo. Kumeneko kasitomala wina, wopanga zotsatsa malonda pa wailesi, anawapeza akuyerekeza mawu a mwini shopu pamaso pa antchito anzawo. M'malo mowanenera, anawasiyira nambala yake. Anayamba ndi kutsatsa sopo ndi mankhwala a chifuwa, mpaka pamene munthu wina anatsegula situdiyo ya makatuni n'kuyamba kufunafuna mawu a mtsikana.

Munthu ameneyo aliyense amamutcha Bwerezani, chifukwa ndi liwu lokhalo limene amalidziwa. Situdiyo yake ndi zipinda ziwiri pamwamba pa golosale. M'chipinda china muli ojambula anayi owerama pa makompyuta. M'chinacho muli kachipinda kojambuliramo mawu, kakang'ono ngati wadirobu, makoma ake omatidwa masiponji otuwa a mabampumabampu. Mulibe windo, mulibe fani, chifukwa maiki amatola chilichonse. Asisi asanalowe ankavula zibangili, ndolo ndi nsapato n'kuziika m'mbale ya pulasitiki pakhomo. Ankatulukamo bulauzi ili yonyowa, akumwa madzi ofunda, osafuna kuyankhulitsidwa.

Koma ntchito yeniyeni sinkachitikira m'kachipindamo. Olemba sewerolo anali azibambo awiri andevu amene anaiwala kalekale kuti mwana amayankhula bwanji, ndipo asisi ankawanena poyera kuti amalemba ngati akudzaza fomu. Choncho ana akamaweruka kusukulu, asisi ankakwera minibasi popanda kumene akupita. Ankakhala pampando wakumbuyo, kakabuku kabuluu pamwendo, n'kumamvetsera. Akafika kumapeto kwa msewu ankakwera ina yobwerera. Sankalemba mawu okha. Ankalemba pamene mwana wapumira, pamene wameza malovu, pamene mawu amuthawa. Ankati munthu wa zaka khumi ndi zinayi sapuma pamene wamkulu amapuma, amathamanga mpaka mpweya umuthere pakati pa liwu. Akalowa m'kachipinda muja ankataya za azibambo andevu zija n'kuikapo za m'kabuku, ndipo Bwerezani ankalola chifukwa anthu ankaseka. Tonse tinkanyadira. Ine ndinkauza kasitomala aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe, kuti Phwiti ndi mkulu wanga wa bere limodzi.

Alamu anamwalira mwana wawo ali ndi zaka zitatu, ndiye pakhomo anatsala awiri. Mwanayo tinamutcha Wailesi, poti chiyambireni kuyankhula sanatsekepo pakamwa. Ankayankhula akudya, akusamba, akutsuka mano. Akabwera kusukulu ankayambira pageti kufotokoza za tsikulo, ndipo pofika kukhitchini unkakhala utadziwa amene wakomoka pa asembule ndi amene wang'ambika siketi. Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri zogona, zogawidwa ndi khoma la bolodi lopyapyala. Bedi la asisi linali mbali ino ya khomalo, la Wailesi mbali inayo.

Wailesi anali ndi mnzake mmodzi wa pamtima, mwana wa atelala a kuseri kwa msika. Anayambira limodzi kalasi yoyamba. Ankabwera ku saluni kwanga tsiku limodzi, kulukitsa sitayelo imodzi, ndipo wina akalira kuti ndikukoka, winayo ankamugwira dzanja. Ankasinthana nsapato, ankasinthana majuzi, moti asisi anasiya kufunsa kuti chovala ichi n'cha yani.

Chaka chimene Wailesi anakwanitsa zaka khumi ndi zinayi, sukulu inakonza ulendo wokaona fakitale ya mabotolo. Wailesi analawira, n'kukhala woyamba kulowa m'basi. Anasankha mpando wa anthu awiri, yekha n'kukhala chakunjira, chikwama n'kuika pawindo, poti mnzakeyo amachita nseru akapanda mphepo. Mwana wa atelala anafika mochedwa ali pakati pa atsikana a timu ya mpira wamanja, imene anali atangolowa kumene. Anamuona Wailesi, anachiona chikwama, anamwetulira pang'ono, n'kupitirira kukakhala kumbuyo ndi anzake atsopanowo. Wailesi anayenda ulendo wonse, kupita ndi kubwera, atakhala ndi chikwama chake.

Anafika kunyumba cha m'ma folo koloko, osayambira pageti monga mwa masiku onse. Analowa kuchipinda n'kutseka. Sanadziwe kuti amayi ake ali m'nyumba, atagona chagada kuseri kwa khoma, akupumitsa kukhosi. Anatenga foni n'kuyamba kujambula uthenga wa mawu wopita kwa mnzakeyo. Ankajambula, kufufuta, kujambulanso, akusisima. Womaliza, umene anatumiza, unali wakuti:

"Ndinakusungira mpando, iwe. Ndinaikapo chikwama changa. Anthu atatu ndinawakaniza."

Pakati pa "ndinakusungira" ndi "mpando" mawu anamudukira pakhosi, n'kutuluka kaphokoso kena ngati ka chitseko chopanda mafuta.

Tsono ndikufunseni, inu amene muli ndi ana. Mwana wanu akulira chonchi, kutalika kwa chikhatho chimodzi kuchokera pakhutu lanu, mumatani? Mumadzuka, mumakagogoda. Ngakhale nkhuku imadziwa zimenezo. Asisi anga anatambasula dzanja n'kutenga kakabuku kabuluu. Anadzandiuza okha pambuyo pake kuti dzanjalo linapita lokha, kuti mumtima ankati ndingolemba kaye pamene wadukizapo, ndisanaiwale, kenako ndipita. Anapitadi, atamaliza kulemba. Anamutengera tiyi. Pamenepo n'kuti mwana atapukuta kale misozi, ndipo anangoti mutu ukumupweteka chifukwa cha basi.

Patapita milungu itatu, azibambo andevu aja analemba gawo limene Phwiti wayambana ndi Magalasi. Papepala panali polemba kuti, wandikhumudwitsa kwambiri mnzanga. Asisi ananena kasanu, Bwerezani n'kumangoti bwerezani. Kachisanu ndi chimodzi anatseka maso n'kutulutsa mawu a mwana wawo, ziganizo zonse zitatu zija, ndi kaphokoso kachitseko komwe, pamalo pake penipeni. Wa makina ojambulira mawu anaseka mpaka kugwetsa mahedifoni. Ojambula anathamangira kudzamva, ndipo pojambula anampatsa Phwiti misozi yothovoka ngati mpopi wophulika, ndi thovu la mamina lotupa n'kuphwa, kutupa n'kuphwa.

Katuni imatenga miyezi kuti ithe, ndiye asisi anali ndi miyezi inayi yoti aganize. Miyezi inayi! Sanauze mwana, sanauze ine, sanabwerere kukapempha kuti achotse. Akuti ankadziuza kuti palibe amene angadziwe, poti mawu ngati amenewo mwana aliyense akhoza kuwanena.

Loweruka limene gawolo linaonetsedwa, saluni inali yodzaza. TV yanga ili pamwamba pa shelefu ya mafuta, ndipo Phwiti atanena mawu aja, tonse tinafa nalo phwete. Ine chipeso chinagwa m'manja. Mayi wina anatulutsa mutu mu dalaya youmitsira tsitsi kufunsa kuti wati chiyani, ife n'kumubwerezera, aliyense kuyesa kaphokoso kaja. Ndinawaimbira asisi nthawi yomweyo kuwauza kuti apa ndiye mwaposa. Anangoti zikomo ndi mawu ozizira, ine n'kumayesa kutopa.

Pofika Lolemba mawuwo anali paliponse. Makondakitala ankaitanira nawo anthu. Azibambo akuluakulu, a mimba zawo, ankalonjerana nawo pamalo omwera tiyi. Koma panali munthu mmodzi amene mawuwo sanali achilendo kwa iye, chifukwa anali nawo mufoni. Mwana wa atelala anaganiza kuti Wailesi anakamuneneza kwa amayi ake, n'kupangana zomuyalutsa pa TV dziko lonse likuona. Ndi mwana, anapsa mtima, ndipo sindimuweruza kwambiri. Pa nthawi yopuma anasonkhanitsa atsikana a mpira aja n'kuwaseweretsa uthengawo. Mawu omwewo, kudukiza pomwepo. Pofika Lachitatu uthengawo unali mufoni ya aliyense pasukulupo.

Wailesi akalowa m'kalasi, ana ankaika zikwama pamipando yonse yopanda anthu n'kuyamba kusisima mwabodza. Akadutsa pakhonde, wina ankatulutsa kaphokoso kaja kumbuyo kwake. Ngakhale mphunzitsi wa masamu, munthu wa ana akeake, anamuuza atachedwa kuti lowa, takusungira mpando, kalasi yonse n'kugwa nacho chikhakhali. Ameneyo ndinakumana naye pamsika, ndipo zimene ndinamuuza sizolemba.

Wailesi anazima. Sanalalate, sanamenyetse chitseko, sanafunse n'komwe kuti amayi mwachitiranji zimenezi. Anangosiya kutulutsa mawu m'nyumbamo. Ankayankha eya ndi ayi. Zofunika kusukulu ankalemba pakapepala n'kusiya patebulo. Foni ikalira ankatuluka kukayankhira kumsewu, pafupi ndi thiransifoma. Asisi anandiuza kuti ngakhale kutsokomola ankatsokomolera mupilo. M'nyumba mmene kale unkachita kupempha kuti mwana apumeko, tsopano munkamveka firiji yokha.

Patatha mwezi Wailesi anabwera ku saluni yekha, tsiku lopanda anthu. Ndinamukhazika pansi n'kuyamba kumasula. Ndinayesa nkhani iyi ndi iyo, iye duu. Ndili pakati pa mutu, anayang'ana pagalasi n'kundifunsa ndi mawu otsika:

"Amayi aang'ono, m'nyumba mwathu muja ndingalilire pati?"

Ndinamaliza kumuluka. Nditatseka saluni ndinapita molunjika kwa asisi, ndipo tsiku limenelo ukulu wawo ndinauika pambali. Poyamba anadziteteza. Akuti mawu alibe mwini, akuti akhala akuchita zimenezi zaka khumi ndi chimodzi ndipo ine ndemwe ndinkaombera m'manja, akuti yunifolomu imene mwanayo amavala inachokera m'kabuku komweko. Ndinawayankha kuti a m'minibasi aja ndi ana a eni, uyu ndi wanu. Nditangonena, ndinadzimva kupusa kwanga, chifukwa ana a eniwo nawonso ali ndi amayi awo, ndipo ndani akudziwa kuti ndi angati anadzimva pa TV n'kumeza okha manyazi. Kenako ndinawauza funso la Wailesi. Asisi anakhala pansi, pa simenti penipeni, n'kugwira kumutu.

M'mawa mwake tinapita limodzi ku situdiyo. Ndinawaperekeza chifukwa ndinkadziwa kuti paokha akafewa. Bwerezani anatilandira atavala tisheti yolembedwa mawu a mwana wathu pachifuwa, pansi pake chithunzi cha Phwiti ndi thovu lake la mamina. Asisi anafotokoza zonse mwaulemu, n'kupempha kuti mawuwo asamvekenso. Munthu uja anamvetsera akugwedeza mutu ngati wamva chisoni, kenako n'kunena kuti magawo onse a chaka chamawa alembedwa kale, ndipo m'gawo lililonse Phwiti azinena mawuwo kamodzi, poti ndi amene anthu akudikira. Akuti ana amaiwala msanga. Akuti akadzakula adzanyadira. Kenako nkhope yake inawala, n'kufunsa ngati mtsikanayo sangabwere kuti amuonetse pa TV, anthu amudziwe Phwiti weniweni. Abale inu, m'maso muli gwa! Chikwama changa chinali chitanyamuka kale, anachigwira ndi asisi.

"Mawu amenewo ine sindidzawanenanso," anatero asisi.

"Palibe vuto, mayi," anayankha Bwerezani. "Tili nawo kale mu kompyuta."

Anatulutsa pepala limene asisi anasaina zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, lonena kuti chilichonse chojambulidwa m'kachipinda muja ndi cha situdiyo. Kulira kwa mwana wathu kunali ndi mwini wake tsopano, ndipo mwiniyo anali atavala tisheti. Asisi analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako anapita pakhomo pa kachipinda kaja, anatenga mbale yawo ya pulasitiki yoikamo zibangili, n'kunena kuti ntchito asiya.

Musaganize kuti kusiyako kunakonza kanthu. Pasanathe milungu iwiri anapeza kamtsikana ka ku koleji kodziwa kuyerekeza mawu a asisi, ndipo ambiri a inu simunazindikire n'komwe kuti Phwiti wasintha. Mawu aja akumvekabe Loweruka lililonse. Mwana wa atelala sanabwererenso, amalukitsa kwina, ndipo akandiona amawoloka msewu. Asisi lero amayankha foni ku kampani yonyamula katundu, ndi mawu awoawo a munthu wamkulu, amene ine ndinali nditayamba kuwaiwala. Minibasi amakwera akakhala ndi kopita, ndipo amakhala kutsogolo.

Koma tsiku losiya ntchito lija, tikutsika masitepe, asisi anaima pa mulu wa masiponji akale amene anamatulidwa m'kachipinda muja pokonzanso. Anafunsa wa makina ngati angatenge. Iye, manyazi atamugwira, anati tengani onse, koma siponji payokha siletsa mawu kudutsa khoma, pamafunika kapeti yakale ndi bolodi lina lochindikala pamwamba. Anawalembera papepala mmene angachitire. Tinakwera nawo minibasi masiponjiwo, anthu akutinena kuti tikuwathina.

Loweruka masana tinagwira ntchitoyo awiri, mbali ya asisi ya khoma lija. Tinakoka bedi lawo n'kulikankhira kukhoma lina, lakutali. Tinakhoma kapeti, pamwamba pake bolodi, pamwamba pake masiponji. Ine ndinkapaka guluu, iwo n'kumamata, ndipo sitinayankhulane kupatula kupemphana nyundo. Chipinda chinachepa, chinada, chinanunkha guluu. Tili pafupi kumaliza tinaona Wailesi ataima pakhomo, manja atapinda pachifuwa, akuyang'ana.

Asisi anatsika pa mpando, anapukuta manja pasiketi, n'kumuuza kuti alowe kuchipinda kwake, atseke chitseko, akuwe mmene angathere, tione ngati zagwira. Wailesi anawayang'ana kanthawi. Kenako anapita, ndipo tinamva chitseko chikutsekeka.

Tinaima pakati pa chipindacho. Ine ndinatchera khutu, ndipo ndinamva kenakake kakutali, kosamveka mawu, ngati munthu akukuwira pansi pa madzi. Nditacheuka ndinapeza asisi atatembenukira kuwindo, atatseka maso, zala ziwiri atazilowetsa m'makutu mwamphamvu mpaka zikhadabo kuyera. Khoma lawo lomwe sanalikhulupirire, poti khutu lawo amalidziwa. Anaima choncho mphindi zambiri, misozi ikutsikira m'khosi. Ndipo nthawi yomweyo, kuchokera pa TV ya aneba, pamene ankabwereza gawo lija, Phwiti ananena mawu aja, banja lonse kumeneko n'kuseka. Ndinamenyetsa windo mpaka pate wogwirizira galasi kugwa.

Wailesi atatuluka, maso anali ofiira, mawu atasasa. Anaima pakhomo pomwe paja. Ndinawagwira asisi paphewa kuti achotse zala.

"Mwamva?" anafunsa.

"Ayi, mwana wanga."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono."

Anayang'ana khomalo kuyambira pansi mpaka kudenga, kenako anatambasula dzanja n'kufunsa kuti kakabuku kaja kali kuti. Asisi anakatulutsa m'chikwama n'kumupatsa, pamodzi ndi cholembera. Wailesi sanakatsegule. Anakaika pabedi la amayi ake, anakakhalira, n'kuwauza kuti akhale apa, pambali pake. Ine ndinatola chitini cha guluu kuti ndituluke, koma anati inunso khalani, amayi aang'ono.

Anayamba kuyankhula, ndipo anayankhula mpaka tiyi amene ndinapanga anazizira m'makapu osamwedwa. Ndinamva zonse, liwu ndi liwu, ndi pamene anadukiza pomwe. Koma zimene ananena ndi zake, ndipo inu sindikuuzani.